Che Ajusa ndi Mpata wa ku Namasole

Ndinayamba kudandaula za mpata wa ku Namasole m'mwezi wa Malichi, chaka chimene madzi anabwerera m'nyanja ya Chilwa itauma mu 1968. Ndinadandaulanso chaka chimene njanji inafika ku Nayuchi. Ndinabwereza chaka chimene tinasiya mapaundi n'kuyamba makwacha, kenaka chaka cha kolera, ndipo kuchokera pamenepo sindinadumphe chaka. Makope a makalata onsewo ndili nawo m'sutikesi pamodzi ndi mayankho ake, amene ndi ochepa koma aulemu. Lero ndikulembanso, koma munthu amene ndinkalemba m'malo mwake kulibe. Che Ajusa tinawaika m'manda mwezi watha.

Kwa amene sanafikeko, Namasole ndi kachilumba ka miyala kumpoto kwa Chilwa. Sikazunguliridwa ndi madzi oonekera patali, iyayi. Kazunguliridwa ndi njedza, udzu wa m'madzi wotalika kuposa munthu woimirira m'bwato. Njira yopitira kumeneko ndi imodzi yokha, mpata: kanjira ka mabwato kodulidwa ndi manja pakati pa njedzayo, kuchokera pa doko lathu la kumtunda kukafika pa chulu chachikulu cha pachilumba. Njedza sipuma. Mpata ukasiyidwa umatseka, ndipo ukatseka wodwala satuluka, mchere sulowa, mudzi watha. Pamene ndikulemba pano mpatawo ukutseka, ndipo mkazi wa malemuwa, Abiti Mwamadi, ali mkati.

Ine ndimakhala kumutu wa mpatawo wa kumtunda, kumene ndinadzamanga nditapuma ntchito ya ukalaliki pa msika wa thonje ku Balaka. Che Ajusa ankakhala kumutu winawo. Chidziwirane chathu sitinakambe nkhani ina yoposa ya mpatawo.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa miyendo yodzaza zipsera za misundu. M'mawa uliwonse ankapaka miyendoyo madzi a fodya kuti misundu iwaope, koma misundu ya ku Namasole inamuzolowera fodya kalekale. Kofiya sankavula ngakhale madzi atafika m'chifuwa. Chimene alendo sankakhulupirira n'chakuti sankadziwa kusambira. Ankati wodziwa kusambira amayamba kuwapeputsa madzi, ndipo madzi sakonda kupeputsidwa. Ine ndikuganiza kuti ankangoopa, koma sindinawauze.

Kuseri kwa mzikiti wa pachilumba kuli mwala waukulu wosalala umene amuna amapempherapo nthawi yotentha. Che Ajusa akamaliza swala ya m'mawa ankanolera chikwakwa pa mwala womwewo, ndipo mwalimu wa pamzikiti anadana nazo zaka zonse.

"Che Ajusa, mwala wopempherera si wonolera."

"Mwalimu, Mulungu analenga mwala basi. Zoti uwu wa swala, uwu wa chikwakwa, mwagawa ndinu."

Njedza ankaidula pansi pa madzi, osati pamwamba. Chitsa chikatsala m'madzi chimamira n'kuola. Chikatulukira kunja chimapuma, ndipo posachedwa chaphukanso. Choncho ankagwira ntchito atawerama, mkono wonse uli m'madzi, mphuno itatsala pang'ono kunyowa. Msana wawo unapindika momwemo. M'zaka zomaliza, akamayenda pamtunda, ankaoneka ngati munthu amene wataya singano.

Pakati pa chilumba pali mlambe umene makolo anaukhoma zikhomo zokwerera. Che Ajusa ankakwera pamenepo masana kukayang'ana nsonga za nsungwi zokankhira mabwato zikuyenda pamwamba pa njedza. Bwato lenilenilo silioneka, koma iwo ankatsika n'kuuza amayi a pa chitsime kuti mkamwini wa nyumba yakutiyakuti ali m'njira, ndipo akubwera chimanjamanja chifukwa nsungwi ikupepuka. Mkamwiniyo ankafika nkhani yake itatha kale kusekedwa. Ambiri sankawakonda chifukwa cha zimenezi, ndipo iwo sankafuna kukondedwa.

Lamulo la mtolo sanaliyambitse ndiwo, analipeza. Koma ndiwo analigwira ndi mano. Bwato lililonse lodutsa mu mpata linkayenera kudula mtolo umodzi wa njedza m'njira n'kukautula pofika. Nsomba sankalandira, zikomo sankalandira. Ankafuna njedza yonyowa, yodulidwa pansi. Amayi ankaiyanika n'kufolerera nyumba kapena kulukira mikeka, ndipo mpata unkakula ndi aliyense wodutsamo. Che Ajusa ankakhala pa chulu kuyang'ana matsinde ake. Wopanda mtolo ankabwezedwa. Anabweza ankhoswe amene ankabwera kudzafunsira mwana wa mlongo wawo weniweni. Anabweza wogula matemba wa ku Nsanama amene mudzi wonse unkamudikira. Ankati msewu wa pamtunda umapangidwa ndi mapazi, koma msewu wa m'madzi umadyedwa ndi tsiku, ndiye wodutsamo aliyense abwezepo kanthu.

Chaka china, nyanja isanaume, kunabwera wapampando wa chipani wa m'dera lathu ndi anyamata ake kudzagulitsa makhadi. Ndinali m'bwato lomwelo chifukwa anandipempha kuti ndikalembe mayina. Tili pakati pa mpata ndinawanong'oneza za mtolo, wapampando n'kuseka. Titafika pa chulu, Che Ajusa anasuzumira m'bwato napeza nsapato zokhazokha.

"Sikomo, achimwene. Mtolo uli kuti?"

"Madala, mukudziwa kuti tabwera m'dzina la ndani?"

Amayi amene ankachapa pa miyala anasiya kuchapa. Kulemera kwa funso lotere aliyense amakudziwa, sindifunika kufotokoza. Che Ajusa anakweza kofiya, natulutsamo khadi lawo lili louma bwino.

"Ndikudziwa, bwana, ndipo langa ili. N'chifukwa chake ndikufuna chaka chamawa mudzathe kufikanso. Mukapanda kudula, mudzadutsa pati?"

Wapampando anayang'ana khadi, anayang'ana anthu, kenaka anauza anyamata ake kuti atembenuze bwato. Anadula mitolo iwiri, wachiwiriwo kuti anthu aone kuti palibe wakakamizidwa. Che Ajusa anatembenuza matsinde, nati winawo wadulidwa pamwamba, koma anaulandira. Iwo anabwerera kokadula ngati palibe chachitika.

Ankanditcha Akalaliki, ndipo sikunali kundilemekeza. Ndikawawerengera yankho lochokera kuboma ankapempha envelopu yake kuti akulungire fodya wa misundu, ine n'kukana.

"Akalaliki, pepala lanulo n'lakuthwa? Tiyeni tikaliyese pa njedza."

"Pepala limafika kumene chikwakwa chanu sichifika."

"Eya, ndipo likafika limagona konko."

Koma mvula ikangotha ankabwera pa doko langa, n'kukhala pa khonde mpaka tiyi atatha, kenaka n'kufunsa kuti, "Chaka chino simunalembe?" Ndiye kuti pang'ono pokha ankakhulupirira, ndipo zimenezi ndizo zimandipweteka.

Chimene ndinkapempha sichinasinthe chiyambire. Ndinkapempha kuti mpata uwerengedwe ngati msewu, kuti amuna amene amatchetcha m'mbali mwa misewu azitumizidwa kamodzi pachaka madzi akadali ozama. Ofesi yoona za misewu inayankha kuti misewu imakhala pamtunda, ndipo zam'madzi n'za ofesi yoona za nsomba. Ofesi yoona za nsomba inayankha kuti iyo imaona nsomba ndi maukonde, ndipo zomera n'za ofesi yoona za nkhalango. Ofesi yoona za nkhalango inayankha kuti njedza si mtengo. Ndinabwerera koyamba kuja. Pa sabata ya achinyamata, chaka ndi chaka, ana athu ankakwirira maenje mumsewu wa ku Nsanama ndi kuumba njerwa za sukulu. Ntchito zabwino zimenezo, sindikuzinyoza. Ndinapempha kuti chaka chimodzi chokha atibwereke anawo. Anati dzina la mpata silili pa ndandanda wa ntchito. Kuti ndisaname, mnyamata wina wa kuofesi anabweradi, anavula nsapato, analowa m'bwato, anadula mtolo wake bwinobwino, nalonjeza kukalankhula. Mwezi wotsatira anamusamutsira kumpoto.

Koma ndikhala wabodza ndikanena kuti mpata unaphedwa ndi maofesi okha. Ndimasunga mapepala kuti ndizinena zoona, ndipo zoona zake n'zakuti anthu a pachilumba anayamba kuupha ndi makasu, ndipo Che Ajusa anathandizira ndi mkwiyo wawo.

Nyanja itauma, matemba anatha, milamba inadzikwirira m'matope, mabwato anagona pa dothi long'ambika ngati ng'ombe zakufa. Anthu ankayenda wapansi kuchokera pachilumba mpaka kumtunda. Ku Namasole kulibe minda, n'kwa miyala. Chimanga ankachipeza posinthanitsa ndi nsomba, ndipo nsomba kunalibe. Amuna ambiri anapita kokasaka ganyu ku Liwonde, ena ku ntchito ya njanji. Anatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Malo okhawo amene anatsala ndi chinyezi anali mu mpata, chifukwa ndi mmene munali mozama, ndipo dothi lake linali lakuda bii ndi njedza yoola ya mibadwomibadwo.

M'mawa wina amayi anatsika ndi makasu ndi mbewu ya mbatata. Patsogolo panali Abiti Mwamadi. Ndinalipo, chifukwa ndinabwera wapansi ndi kaufa pang'ono. Che Ajusa anaima pakati pa mpata woumawo, chikwakwa chili m'manja.

"Apa palibe wolima. Apa m'panjira."

"Njira ya chiyani, bambo a Sumani?" anatero mkazi wawo. "Bwato lake n'liti? Lija nkhuku zikuikiramolo?"

"Madzi abwera."

"Abwera liti? Ana adye abwera?"

"Mukaunda mizere muno pansi pakwera. Madzi akadzabwera padzakhala posaya, njedza sidzamiranso."

"Zimenezo mukauze mwana wa Abiti Juma, amene sakutha kuimirira. Mwadula udzu zaka zonsezi, bambo a Sumani. Dulani ine tsopano, ndaima pano."

Anakhapa khasu pansi, pakati pa mapazi a mwamuna wawo. Che Ajusa sanamenye munthu, sanatukwane. Anayang'ana khasulo kanthawi, napatuka, nakakhala pa chulu atafulatira mpata.

Amayiwo sanalakwe, ndipo ndikulemba zimenezi momveka kuti wina asadzandipotozere mawu. Anaunda mizere yopingasa kuti isunge chinyezi, kuchokera pa chulu mpaka kupitirira pakati pa njira. Mbatata zinabereka, maungu anabereka, ndipo ana a ku Namasole anapulumuka. Koma Che Ajusa sanadye mbatata ngakhale imodzi. Ankakumba nyika, mizu ya kakombo, m'matope ouma, n'kumaphika okha kuseri kwa nyumba. Tsiku lililonse mkazi wawo ankawaikira mbale patsogolo, tsiku lililonse ankaikankha ndi chala, n'kunena kuti iwo sadya msewu. Anaonda mpaka kofiya inkawagwera m'maso.

Kenaka mvula inagwa yambiri, ndipo madzi anayamba kubwerera. Panali kanthawi kochepa, dothi litafewa koma madzi asanakwere, pamene mizere ija ikanasalazidwa ndi makasu omwe aja. Mwa mwambo, woitana anthu ku ntchito ya mpata anali Che Ajusa okha, pomenya bwato lovundikira ndi chibonga. Anthu anadikira kulira kwa bwatolo. Silinalire. Iwo anangokhala pa chulu, n'kumanena kwa aliyense wodutsa kuti amene anadya mpata aubweze. Anthu nawo anati ngati mwini ntchito saitana, ife tipitirenji. Abiti Mwamadi kupepesa sanafune, chifukwa sankaona chopepesera. Ndinapita kukawachonderera amuna awowo.

"Che Ajusa, menyani bwato. Anthu akudikira."

"Akudikira chiyani? Kumene kuli makasu awo akukudziwa."

"Kodi mukulanga ndani?"

"Akalaliki, pitani mukalembe kalata."

Ndinapitadi kukalemba, ndipo imeneyo ndiyo inali kalata yanga yoyamba.

Anakwiya nyengo imodzi yokha, koma njedza sinafune yoposa pamenepo. Madzi anakwirira mizere ija, njedza n'kuzika mizu mmenemo. Mkwiyo utawathera nthawi yozizira, anatsika ndi chikwakwa, napeza kuti pa mizerepo madzi akulekeza m'mawondo. Dzuwa la Okutobala litafika, zitsa zonse zinatulukira kunja n'kupuma. Anayesa kugumula mizereyo ndi khasu, koma dothi la m'madzi lomangidwa ndi mizu si la munthu mmodzi. Tsopano anamenya bwato lija, analimenya mpaka linang'aluka, koma amuna a kunjanji ambiri sanabwerere, ndipo amene anabwera anali ochepa. Mabwato atachepa mitolo inachepa. Mitolo itachepa mpata unachepa. Mpata utachepa, eni mabwato anayamba kuopa kulowamo. Malo a mizere aja anthu anawatcha Pa Mbatata, ndipo mpaka lero ndi pamene bwato lililonse limatitimira.

Mawu oti ndinalakwa sindinawamve m'kamwa mwawo, ndipo m'kamwa mwa Abiti Mwamadi sindinawamvenso. Chimene ndinaona n'chakuti mayiwo anayamba kukwera nawo bwato. Bambo akuwerama kudula, mayi ali kumbuyo kukoka zodulidwazo n'kumanga mitolo. Kwina konse ankakangana monga mwa masiku onse, za mchere, za mbuzi, za mwana wawo Sumani amene anakakhazikika ku Liwonde. Akafika Pa Mbatata onse ankakhala chete, n'kugwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka. Anachita zimenezi zaka zoposa khumi.

Mabanja anayamba kuchoka limodzilimodzi. Ena anapita ku Nsanama, ena ku Ntaja, banja lina mpaka ku Utale kwa abale, asodzi kukaphunzira thonje atakalamba. Mphunzitsi wa kasukulu ka pachilumba anapita kutchuthi osabwereranso. Mwalimu wa pamzikiti anapirira, koma maso atayamba kuvuta ana ake anamuitana. Che Ajusa ndiwo anamutulutsa pa bwato lawo, ndipo pakati pa njira anaimitsa bwato n'kumupatsa chikwakwa.

"Ngakhale lero, Che Ajusa?"

"Makamaka lero, mwalimu. Mawa mudzadula kuti?"

Mtolowo anadzautula pa doko langa, mwalimu akupukuta maso, nati ndi madzi a m'nyanja amuthovukira.

Sumani anabwera kangapo kudzawatenga makolo ake. Bambo ake ankamuyankha kuti akachoka iwo, otsalawo atuluka bwanji. Mayi ake ankamuyankha kuti akafunse bambo ake.

Chifuwa chinawayamba Che Ajusa nthawi yokolola. Anapitiriza kulowa m'madzi akutsokomola, mpaka tsiku lina analephera kukweza chikwakwa. Sumani anafika, ine ndinapeza amuna awiri a pa doko lathu, tinawagoneka pa mkeka m'bwato kuti tithamangire nawo kuchipatala. Titafika Pa Mbatata bwato linakhala pansi. Amuna aja anatsika kukankha, n'kutitimira mpaka m'ntchafu. Tinakankha, tinakoka, dzuwa likutiwotcha, bwato osasuntha. Che Ajusa anatsegula maso.

"Taima pati?"

"Pa Mbatata, baba," anatero Sumani.

Che Ajusa anatulutsa dzanja kunja kwa bwato, nagwira pansi. "Uwu ndi mzere wa amayi ako. Anaunda bwino, sugumuka."

"Khalani chete, musunge mpweya," anatero Abiti Mwamadi.

"Bwererani. Ndisafere pamsewu ngati galu."

Sumani anakana, koma amuna aja anali atatopa, ndipo patsogolo panali mizere yambiri kuposa kumbuyo. Tinabwerera. Anamwalira m'nyumba mwawo Lachisanu lisanafike.

Asilamu sachedwetsa maliro. Shehe wa kumtunda ananyamuka m'mamawa, koma anafika dzuwa litapendeka, mkanjo uli matope okhaokha. Ambiri amene anafuna kudzalira anabwerera panjira. Manda anakumba Sumani ndi amuna awiri aja, pakati pa miyala, pamene dothi limalola. Pofika nthawi yonyamula jeneza, chithatha cha maliro, amuna anapezeka operewera. Ine ndine Mkhristu, ndipo ndinaima patali monga mwa ulemu. Shehe anandiyang'ana, anayang'ana ngodya yopanda munthuyo.

"Gwirani, Akalaliki. Mulungu akuona kuchepa kwathu."

Ndinagwira. Sankalemera.

Sabata yatha ndinapitakonso ndi mchere, machesi ndi palafini. Ulendo umene kale unali wa kam'mawa unatidyera tsiku. Malo ena njedza yagwirana pamwamba, munthu kumadutsa atawerama ngati akulowa m'khola. Pachilumba nyumba zambiri zilibe zitseko, chifukwa eni ake ananyamula. Madenga agwera mkati, ndipo m'nyumba ina mwamera mpapaya mpaka watulukira pamwamba. Mathandala oyanikira matemba agona chammbali. M'kasukulu mukugona mbuzi zimene eni ake analephera kuzikweza m'bwato, ndipo zayamba kuthawa munthu. Chitsime cha pansi pa mkuyu, chimene madzi ake ndi okoma pamene a m'nyanja ndi amchere, chadzaza masamba, chifukwa otunga ndi ochepa. Ku mzikiti mikeka yakulungidwa, ndipo mavu amanga pa khomo. Kulibe tambala, kulibe kulira kwa mwana. Chimene chimamveka ndi njedza yokha, mbali zonse, ikukhulana ndi mphepo.

Utsi ukutuluka m'nyumba imodzi. Mmenemo muli Abiti Mwamadi, mkulu wawo amene saona bwino, ndi mayi wina wokalamba amene alibe kopita. Abiti Mwamadi ndinawapeza atakhala pakhomo, atafunda nsalu kumutu.

"Mayi, Sumani akuti mukakhale ku Liwonde."

"Ndamva."

"Mpata ukutseka. Ikafika Okutobala madzi atsika, bwato silidzadutsa mpaka mvula."

"Mukundiuza ine, Akalaliki? Ndinaunda ndine."

"Ndiye tiyeni lero, madzi akadalipo. Bwato ndi ili."

"Ndili pa eda."

Kwa Asilamu, mkazi wamasiye amakhala m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku ena, osasamuka. Ndinawerenga pa zala, ndipo anandiona ndikuwerenga. Eda yawo idzatha madzi atatsika kale.

"Shehe akhoza kukulolani," ndinatero. "Pakakhala vuto amalola."

"Akhoza. Koma munthu uja ndamukanira zinthu zambiri ali moyo. Ichi chokha ndimuchitira chonse." Anakonza nsalu yawo. "Eda ikatha ndidzatuluka, musadandaule. Koma ndidzatuluka pa bwato, nditakhala bwinobwino, osati kukwawa m'matope ngati mlamba. Ndipo awa," analoza mkulu wawo, "mudzawabereka ndinu?"

Ndinafunsa ngati ufa ulipo. Anandionetsa dengu. Sindilemba kuchuluka kwake, koma silifika mvula.

Choncho ine, amene ndakhala ndikulemba za nkhaniyi chibwerere madzi, ndikupempha mwaulemu ofesi iliyonse imene ingavomere kuti mpata wa ku Namasole ndi wake, kaya ndi ya misewu, ya nsomba kapena ya nkhalango, kuti itumize amuna okhala ndi zikwakwa ndi makasu mwezi wa Ogasiti usanathe, madzi akadali okwanira kumiza chitsa. Njira ndidzawalozera ndine, ndipo pogona adzapeza pakhomo panga. Ngati zimenezi sizitheka, ndikupempha kuti ndiuzidwe polemba, mosazungulira, ndipo msanga, kuti ndikawawerengere amayi atatuwo bwato likadadutsa, adziwe mmene angagawire ufa umene watsala.

Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe.